Zikwangwani za mayina a misewu: titengere za ku London, za ku America kapena za kuti?

Funso: "Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lina latsopano kunja kwa tauni. Mapuloti anagawidwa zaka zingapo zapitazo ndipo pano nyumba zadzaza, koma misewu ilibe mayina. Mlendo timamulondolera kuti akafika pachigayo akhotere kumanja, adutse mtengo wa mango, geti lachitatu lakuda ndi pomwepo. Mwezi watha galimoto yodzatenga wodwala inazungulirazungulira usiku mpaka tinachita kukaichingamira ndi tochi. Tasonkha kangachepe kuti tiike zikwangwani. Mwana wanga amene ali ku London watitumizira zithunzi za zikwangwani zoyera za zilembo zakuda ndi zofiira. Ena m'komiti akufuna zobiriwira ngati za ku America, ena akuti zabuluu. Kusiyana kumeneku kunachokera kuti, nanga ife titsate ziti kuti ndalama zathu zisalowe m'madzi?"

Bambo mlembi, mtima m'malo. Ntchitoyi ndi yotheka ndipo sifuna ndalama zankhaninkhani. Koma mkangano wa mtundu uyambe waima kaye. Zimene zimapha ntchito ngati imeneyi ndi zilembo zochepa msinkhu, malo olakwika, ndiponso chitsulo choti munthu wina akachiona aganize za sikelo ya ogula zitsulo zakutha. Mizinda imene mwatchulayi inakumana ndi mavuto omwewa kalekale, ndipo maonekedwe a zikwangwani zake ndi mayankho a mavutowo.

Tiyambe ndi zabuluu, za ku Paris. Kwa zaka zambiri anthu a kumeneko ankalondolerana monga mukuchitira inumu, potchula tchalitchi, chitsime kapena chithunzi chopachikidwa pakhomo pa sitolo. Mu 1728 mkulu wa apolisi mumzindawo, René Hérault, analamula kuti panyumba za pangodya pakhomedwe timalata tolembedwa dzina la msewu. Timalatato sitinakhalitse, tina tinkawonongeka, tina eni nyumba ankazula. Chaka chotsatira lamulo linasintha, dzina lizigobedwa pamwala womangidwira m'khoma momwemo. Miyala ina ilipo mpaka lero. Pa rue Saint-André-des-Arts pali mwala umene ukuonetsabe pamene anthu a nthawi ya kuukira ufumu, itadutsa 1789, anapala zilembo za mawu oti Saint chifukwa sankafuna mayina a oyera mtima. Zilembo zoyera pabuluu zinabwera mu 1844 mwa lamulo la Rambuteau, amene ankayang'anira mzindawo. Poyamba ankazipanga pamwala wa chiphalaphala cha phiri wochokera ku Volvic, kenako pachitsulo. Utoto wake si penti wamba. Ndi ufa wa galasi umene amauwaza pachitsulo n'kuuwotcha m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 800, monga zimapangidwira mbale ndi makapu a enamelo amene agogo athu ankasunga m'kabati. N'chifukwa chake sizisuluka ndi dzuwa ngakhale patapita zaka 50. Koma kumbukirani zimene zimachitika kapu yotere ikagwa pasimenti: imagamphuka, pogamphukapo pamalowa dzimbiri. Kudera kumene ana amayesera malegeni awo pachilichonse chonyezimira, enamelo ndi ndalama zotaya, ndipo mungachite kuitanitsa kunja.

Chimene ndingakonde mutengeko ku Paris ndi manambala a nyumba. Lamulo la 1805 linati manambala ogawika pawiri akhale kudzanja lamanja, osagawika kumanzere, ndipo kuwerenga kuyambire kumene msewu wayandikira mtsinje wa Seine. Inunso sankhani poyambira pamodzi, tinene msewu waukulu wa tala, ndipo misewu yonse iziwerengedwa kuchokera kumeneko. Puloti yopanda nyumba muisungire nambala yake.

Za ku London zimene mwana wanu wajambula, ngati pansi pake palembedwa City of Westminster, zinakonzedwa ndi Misha Black cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Dzina la msewu ndi lakuda, dzina la khonsolo ndi lofiira, ndiye pali tizilembo tofiira monga SW1 kapena W1. Timeneto ndi ta positi. Mzindawo unagawidwa m'zigawo za makalata mu 1857, manambala anawonjezedwa mu 1917 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Zinafunika chifukwa London anakula pomeza midzi yambiri, uliwonse uli ndi Church Street ndi High Street yake, moti dzina lokha silinkakwanira kufikitsa kalata. Khonsolo iliyonse kumeneko ili ndi kalembedwe kake, choncho palibe chikwangwani chimodzi chimene tingati ndi cha London yense. Zambiri amazikhoma pakhoma kapena kuziimika pa timiyendo tiwiri tatifupi. Zimenezi zimayenda kumene kuli magetsi a mumsewu ndiponso kumene udzu sukula. Kwanu chikwangwani chofika m'mawondo chidzamira m'tsekera pofika mwezi wa February.

Zobiriwira za ku America ndi ana a galimoto. Dzikolo lili ndi buku la malamulo a zikwangwani za pamsewu, MUTCD, limene linatuluka koyamba mu 1935 ndipo amalikonzanso nthawi ndi nthawi. Cholinga chake ndi dalaivala amene akuthamanga ndipo ali ndi masekondi ochepa oti awerenge, ndiye chikwangwani chinachoka pakhoma n'kukaima pamzati pamphambano penipeni, mbale ziwiri zopingasana. Kale mu New York zigawo za mzindawo zinali ndi mitundu yosiyanasiyana, Manhattan zilembo zakuda pachikasu, Brooklyn zoyera pakuda, Bronx zoyera pabuluu, mpaka zonse zinasinthidwa kukhala zobiriwira. M'buku la 2009 analamulanso kuti mayina asamalembedwe m'zilembo zazikuluzikulu zokhazokha. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene akufunafuna dzina amazindikira kaumbidwe ka liwu asanawerenge chilembo chilichonse. "Chilembwe" ali ndi mitu yotuluka pamwamba, pamene "CHILEMBWE" patali amangooneka ngati njerwa. Jock Kinneir ndi Margaret Calvert anatsata mfundo yomweyi pokonza zikwangwani za misewu ikuluikulu ya ku Britain kuyambira 1957.

Nanga inu? Langizo langa ndi zilembo zakuda pamalo oyera. Sindikutero chifukwa cha London. M'maiko a SADC, kumene Malawi ali, mitundu ya zikwangwani za pamsewu inagawidwa kale ntchito: zobiriwira zimalondolera m'misewu ikuluikulu, zofiirira ngati dothi ndi za malo okopa alendo, zoyera ndi za malo a m'dera, ndipo kufiira n'kwa zoletsa ndi zochenjeza. Kuda ndi kuyera kumasiyana kwambiri kuposa mitundu ina yonse, ndiponso chilembo chakuda sichisuluka msanga. Kufiira kumene mwakukonda pazithunzizo ndiko kumayamba kufwifwa padzuwa lathuli. Zilembo zimene buku la SADC limagwiritsa ntchito ndi za mtundu wa DIN 1451, zochokera ku Germany, zopanda timichira ndi tokometsera. Mukapita kwa odinda muwatchulire dzina limeneli. Akapanda kukhala nazo, asankhe zina zosalala zofanana nazo, koma musalole zopendekeka kapena zolemberera ngati za pakhadi la ukwati.

Tsopano msinkhu wa zilembo, pamene makomiti ambiri amagwa. Muyezo umene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti sentimita imodzi ya chilembo imawerengeka pa mtunda wa mamita pafupifupi 3.6. Galimoto yoyenda makilomita 40 pa ola imadya mamita 11 pa sekondi. Kuti dalaivala aone chikwangwani, awerenge, aganize, ayatse indiketa n'kuchepetsa liwiro, amafuna masekondi anayi kapena asanu, ndiye kuti mamita 45 mpaka 55. Mukagawa mupeza zilembo za masentimita 13 mpaka 15. Choncho pamene msewu wa m'dera ukukumana ndi msewu waukulu, chilembo chachikulu chikhale masentimita 15 ndipo zazing'ono zikhale pafupifupi 11, pambale yotalika masentimita 23 kuchoka pansi kufika pamwamba. Mkati mwa dera, momwe mabampu ndi maenje amachepetsa kale liwiro, masentimita 10 akwanira pambale ya masentimita 15 kapena 18. Osatsika pamenepo. Kunenepa kwa mzere wa chilembo kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7 a msinkhu wake. Mzere woonda umasowa patali, wonenepa kwambiri umatseka mabowo a a, e ndi o moti onse amaoneka ofanana.

Pali msampha wina umene wodinda angakutchereni mosadziwa. Adzadula mbale zonse muyezo umodzi kuti asunge chitsulo, ndiye dzina lalitali adzalipanikiza pakompyuta mpaka zilembo zitaonda ngati timitengo ta machesi. Mukane. Mbale ndiyo itsate dzina. Gwirizanani utali wa mitundu itatu, mwachitsanzo masentimita 60, 75 ndi 90, ndipo dzina lokana kulowa mu 90 mulifupikitse musanalivomereze. Siyaninso malo pamwamba a kadenga ka ŵ ndi pansi a michira ya g, j, p ndi y. Kachizindikiro ka ng' kasaiwalike: amene akudinda akachotsa, Ng'ona asanduka Ngona ndipo chikwangwani chidzasekedwa zaka zonse. Anthu awiri osiyana awerenge mndandanda wonse papepala asanadule kalikonse.

Vuto lanu linachitika usiku, ndiye nkhani ya kunyezimira si yokambirana. Penti yoyera, ngakhale yowala bwanji, sibweza kuwala kwa nyali za galimoto kwa dalaivala. Pamafunika pepala lomata lonyezimira, limene kampani ya 3M inayamba kupanga cha m'ma 1939. La mtundu wakale lili ndi timikanda ta galasi tosaoneka ndi maso, latsopano lili ndi timagalasi ta ngodya. Lotsika mtengo limene amalitcha engineer grade limakhala zaka pafupifupi 7, la high intensity zaka 10. M'misewu ya m'dera loyambalo ndi lokwanira. Mumamata loyera pambale yonse, kenako zilembo zakuda zodula pamakina pamwamba pake. Chenjerani ndi pepala lomatira pamagalimoto ndi m'mashopu limene limaoneka lonyezimira masana. Poyesa, tengani chidutswa usiku, muchiike patali mamita 30, mugwire tochi pafupi ndi diso lanu n'kuchiunika. Chenicheni chimawala ngati maso a mphaka. Pomata, mbale ikhale youma, yopukutidwa ndi sipiriti, ndipo ntchito ichitikire pamthunzi. Fumbi kapena mafuta a m'manja zikatsalira, pepala limatukusira ndipo mvula yoyamba imalowa m'mphepete.

Mbale yeniyeniyo ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa. Aluminiyamu ya mamilimita 2 ndi imene mabuku amakonda poti sichita dzimbiri. Koma aluminiyamu ndi imenenso amasungunula opanga miphika, choncho ili ndi msika usiku womwewo. Lata losalala lopakidwa kale kufakitale, limene ambiri amalitcha chromadek, ndi lotsika mtengo ndipo pasikelo sililemera kanthu, ngakhale kuti nalonso wina angaone mbaula kapena chogwirira zinyalala. Mukasankha limeneli, m'mphepete mupindidwe kuti mphepo isalipotokole, ndipo podulapo ndi pobowola mupake penti yoteteza dzimbiri chifukwa m'pamene limayambira kudyeka. Thabwa ayi: chiswe pansi, nkhuni pamwamba.

Kunena zoona, kumene kuli mipanda ya njerwa pangodya, njira yolimba kwambiri ndi ya Hérault ya 1729 ija, dzina kukhala mbali ya khoma. Ku Venice mpaka lero mayina amawalemba ndi penti pakhoma, zilembo zakuda m'bokosi loyera, ndipo amawatcha nizioleti, kutanthauza tinsalu tating'ono toyala pabedi. Palibe wogula khoma pasikelo. Mumapempha mwini mpanda, mumapaka pulasitala wosalala wa masentimita 100 m'litali ndi 30 m'lifupi, pamwamba ndithu pamene matope a mvula safika. Pulasitala aume milungu inayi, chifukwa simenti yaiwisi imadya penti n'kuisiya ikusupuka. Kenako penti yoyambira, malaya awiri a penti yoyera ya panja, ndi zilembo zodinda kudzera m'chikombole cha lata kuti zonse zifanane. Kuipa kwake n'kwakuti sizinyezimira, ndipo zimafuna kupakanso pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Ndiye mukhoza kusakaniza: mbale zonyezimira pamphambano zikuluzikulu zolowera m'dera, zapakhoma mkati.

Pa zamizati, gulani paipi ya galata ya mamilimita 60 kapena 76 kukula kwake, yotalika mamita 3.5. Dzenje likhale masentimita 30 mbali zonse ndi 60 kuya, dothi likakhala la mchenga kapena la dambo muonjezere. Musanaimike, bowolani kumunsi kwa paipi n'kulowetsa kachitsulo kopingasa ka masentimita 25. Popanda kameneka paipi imazungulira m'konkire, ndipo ana akaizunguza mudzapeza mayina a misewu iwiri atasinthana, zomwe n'zoipa kuposa kusakhala ndi chikwangwani. Konkire ikhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwanira maenje atatu otere. Pamwamba pa konkire pakhale motsetsereka kuti madzi asadikhe patsinde, pakamwa pa paipi mutsekepo, ndipo mudikire masiku atatu kapena kuposa musanamange mbale. Kunsi kwa mbale kutalike mamita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, kuti wosenza mtolo pamutu kapena wa kabaza adutse bwino ndiponso dzanja lisafikepo mosavuta. Mabauti wamba amamasulidwa ndi sipanala m'mphindi imodzi. Gwiritsani ntchito marivets, kapena wowotcherera adontheze kachitsulo pa nati iliyonse mukamaliza kumanga. Ngati mbale ndi ya aluminiyamu, ikani wochala wa pulasitiki pakati pa iyo ndi chitsulo, poti zitsulo ziwirizi zikakhudzana pachinyezi aluminiyamu imadyeka mozungulira bowo.

Malo oimika muwasankhe mutakhala m'galimoto kapena panjinga, osati mutaima pangodya. Bwererani mamita 50 mbali iliyonse muone chimene chikutchinga: nthambi, okala, mulu wa njerwa, zikwangwani za sukulu za mkaka. Mzati ukhale pafupifupi mita imodzi kuchokera m'mphepete mwa msewu, kuseri kwa ngalande, kutali pang'ono ndi pamene malole a mchenga amadula kona. Mbale ilembedwe mbali zonse ziwiri ndipo igone motsata msewu umene ikutchula. Sankhani ngodya imodzi, monga ya kumanzere polowa, ndipo muitsate m'dera lonse kuti maso a mlendo azolowere koyang'ana.

Zonsezi ndi zachitsulo. Chovuta chenicheni ndi mayina, ndipo apa musayende nokha. Mphamvu yovomereza dzina la msewu ili m'manja mwa khonsolo, ndipo bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu, manambala a nyumba ndi makhodi a positi m'dziko muno. Mwina pamapu a amene anagawa mapulotiwo misewu yanu ili kale ndi mayina kapena manambala. Pitani ndi khansala wanu ku ofesi yoona za mapulani a tauni musanagule ngakhale bauti imodzi, mutenge mapu, mulembe kalata yopempha, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Mukalumpha pamenepa mukhoza kudzauzidwa kuti muzule zonse. Pali mizinda imene imayenda popanda mayina ambiri a misewu: ku Tokyo adiresi imatsata manambala a zigawo ndi midadada, ndipo Lilongwe ndi ma Area ake anatengera nzeru yofananako. Koma amene anafunapo Area 25 poganiza kuti ili pafupi ndi 24 akudziwa kuti manambala nawonso amasocheretsa akapanda dongosolo looneka.

Posankha mayina pewani awiri omveka mofanana. Mbawa ndi Mbewa pafoni usiku ndi dzina limodzi. Pewaninso dzina limene lilipo kale mbali ina ya tauni, lija linavutitsa London. Mayina a anthu amoyo, makamaka andale, amabweretsa mkangano m'komiti ndiponso sakhalitsa. Ku Blantyre msewu umene unali Kamuzu Highway pano ndi Masauko Chipembere Highway, ku Harare Jameson Avenue anasanduka Samora Machel Avenue, ndipo kusintha kulikonse kumatanthauza mbale zatsopano. Komanso dzina la pachikwangwani siligonjetsa msanga dzina la pakamwa. Ku Lilongwe ambiri akunenabe Chilambula ngakhale msewuwo unapatsidwa dzina la Paul Kagame, ndipo msewu wa Midima, umene unapatsidwa dzina la Robert Mugabe, anthu akuutchabe Midima. Ndiye ngati msewu wina kwanuko aliyense amautcha wa Pachigayo, ulembeni Chigayo basi. Ina yotsalayo muipatse mayina a gulu limodzi, mitengo mbali ino, mitsinje kapena mbalame mbali inayo: Mlombwa, Msuku, Mthethe, Naphini. Munthu akangomva dzina la mtengo adziwa kale chigawo choti alowere.

Pali malo atatu amene mufunika munthu wa ntchito yake. Ngati chikwangwani chikaime m'mbali mwa msewu waukulu wa boma, wa nambala ya M kapena S, malowo ali pansi pa Roads Authority ndipo injiniya wawo ndiye anene poimika. Musanakumbe paliponse funsani a madzi ndi a magetsi kumene kwadutsa mapaipi ndi mawaya, chifukwa masentimita 60 ndi okwanira kuboola paipi ya madzi a dera lonse. Ndipo mayina akavomerezedwa, pezani wachinyamata wodziwa za intaneti awalowetse pa Google Maps ndi OpenStreetMap, kenako mupereke mapu osindikiza kuchipatala chapafupi, kupolisi ndi pa siteji ya akabaza.

Ndalama zikakhala zochepa musagule zonse kamodzi. Pangitsani chikwangwani chimodzi, muchiimike pamphambano yovuta kwambiri, ndipo usiku mutume dalaivala amene si wa m'deralo kuti akachipeze nyali zili zotsitsa. Akachiwerenga asanafike pa mamita 40, itanitsani zotsalazo pa muyezo womwewo. Sungani gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalamazo kuti mudzabwezeretse zogundidwa ndi zobedwa, lembani m'kaundula malo ndi tsiku la chikwangwani chilichonse, ndipo mvula ikatha chaka chilichonse anthu awiri azungulire ndi chikwanje, nsanza ndi ndowa ya madzi a sopo.